Mtima ukathamanga, miyendo isathawe

Ana anga a kuno ku Chibavi, ndikufuna tikambirane za matenda amene ambiri a inu muli nawo koma mumawapatsa mayina ena. Wina amati ali ndi BP, chonsecho zaka zake ndi 19 ndipo akamuyeza amapezeka kuti magazi akuyenda bwinobwino. Wina amati ndi vuto la mtima, wina zilonda za m'mimba. Wina anauzidwa ndi azakhali ake kuti pali munthu amene sakufuna kuti akhoze MSCE. Ine ndine telala, ndakalambira pakhonde ndi makina anga, ndipo munthu akaima kuti ndimuyeze pachifuwa ndi tepi ndimamva mmene akupumira. Kapumidwe kothamanga, kosafika m'mimba, ndimakadziwa chifukwa ndinadwalapo, ndipo mpaka lero matendawa amandiyendera mwa apo ndi apo. Achipatala amawatcha matenda a nkhawa.

Poyamba tisiyanitse zinthu. Kuda nkhawa pakokha si kudwala, ndipo kwathu kuno zodetsa nkhawa sizisowa. Mwezi ukatha alandilodi amagogoda. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ulusi ndi zipi zinakwera mtengo sabata yomweyo, za ufa ndi sopo ndiye osanena. Amene munali ana mu Epulo 2016 mukukumbuka mvula ija inagwa masiku otsatizana mpaka madzi kulowa m'nyumba ndi makoma a zidina kugwa, kuno ndi m'madera ena a mzinda wa Mzuzu. Munthu wokhala kudambo akamva mvula ikulimba pamalata usiku n'kudzuka kukasuzumira ngalande, ameneyo sakudwala, ndi wanzeru. Mwana wa Fomu 4 amene mtima uli m'mwamba podikira zotsatira za MANEB nayenso ali bwino. Nkhawa yotereyi imabwera ndi chifukwa, imakupatsa chochita, ndipo chifukwacho chikatha nayo imapita.

Matenda ndi pamene nkhawa yakana kupita. Mvula inasiya kalekale, koma iwe mu Ogasiti ukudzukabe pakati pa usiku kumvetsera denga. Mayeso wakhoza, mutu wapeza kale china: bwanji akapanda kundisankhira ku koleji, bwanji akandisankha fizi n'kusowa, bwanji mayi akadwala ndili kutali. Tulo tosowa, mapewa ouma, m'mimba motentha, kupsa mtima pa kanthu kachabe, kuwerenga tsamba limodzi kangapo osagwirapo kanthu. Zikakhala chonchi masiku ambiri kwa miyezi 6, achipatala amayamba kuganizira za nkhawa yosatha. Ena nkhawa yawo ndi ya maso a anthu: yankho akulidziwa koma sangakweze dzanja m'kalasi, sangadye pagulu, kukafunsira ntchito amabwerera pageti. Enanso amangogwidwa mantha adzidzidzi popanda chowaopseza. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lapansi anali ndi matenda a nkhawa, mwa iwo 58 miliyoni ana ndi achinyamata, ndipo amene amalandira chithandizo ndi mmodzi yekha mwa anayi alionse. Amagwira akazi ambiri kuposa amuna, koma amuna tilimo, kungoti timabisa.

Anga anali a mantha adzidzidzi. Tsiku loyamba ndinali kusoka siketi ya yunifolomu, phazi lili pachopondera cha makina, wailesi ikuyankhula pagolosale. Palibe chinandidzidzimutsa. Ndinangomva mtima gu gu gu, kukhosi kwathina, thukuta kamukamu m'mawa wozizira wa mu Juni. Zala zinachita dzanzi mpaka nsalu sindinkaimva m'manja. Ndinaona msewu ukupendekeka ndipo ndinatsimikiza kuti ndikufa, mwinanso ndikuchita misala anthu akuonerera. Mnzanga wokonza nsapato anandikweza pakabaza. Pofika kuchipatala zonse zinali zitatha, ndinangotsala wofooka ndi wamanyazi. Anandiyeza BP, malungo, shuga ndi magazi, n'kundiuza kuti sanapeze kanthu. Mawu amenewo sananditonthoze ngakhale pang'ono. Ndinaganiza kuti makina awo ndi amene alephera.

Amene anandimasulira nkhaniyi anali namwino wina wa matenda a maganizo, patapita nthawi yaitali, ndipo zimene ananena ndikufuna muzisunge. Thupi la munthu lili ndi njira yake yodzitetezera. Ubongo ukaganiza kuti pali choopsa, umatumiza timadzi totchedwa adrenaline m'magazi. Mtima umathamanga kuti upope magazi kupita kumiyendo ndi kumanja, mapapo amakoka mpweya mofulumira, m'mimba ntchito yogaya imaima, thukuta limatuluka kuti thupi lizizire. Zonsezi n'zokonzekera kuthawa kapena kumenyana, ndipo ukakumana ndi achifwamba usiku zimakupulumutsa. Vuto ndi lakuti ubongo wa munthu wa nkhawa umalamula zimenezi pamene palibe wachifwamba. Dzanzi la m'zala ndi pamilomo lija, ndi chizungulire chija, zimabwera chifukwa kupuma mothamanga kumatulutsa mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuposa mmene thupi likufunira. Ndiye iwe ukamva dzanzilo umati ndi sitiroko, mantha amawonjezeka, adrenaline winanso amathiridwa. Koma thupi silingakhale pamwamba pamenepo mpaka kalekale. Mantha otere amafika pachimake m'mphindi pafupifupi 10, kenaka amayamba kutsika okha, kaya wathawa kaya wakhala. Ndi owawa kwambiri, koma paokha sapha munthu ndipo sachititsa misala.

Ndati paokha, chifukwa sindikufuna wina adziyeze yekha pakhomo n'kunena kuti atelala anati ndi nkhawa basi. Pitani mukayezedwe, ku Mapale kapena ku Mzuzu Central Hospital ku Luwinga, mutanyamula kabuku kanu ka kuchipatala. Kuchepa kwa magazi kumathamangitsa mtima, ndipo atsikana ambiri ali nako osadziwa. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola muyeso munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta ndi kuwonda. Shuga akatsika chifukwa chochoka m'mawa osadya, manja amanjenjemera. Mankhwala opopera mphumu nawo amatha kugunditsa mtima. Ndipo kupweteka pachifuwa kofika kumkono, kukomoka pogwira ntchito yolemetsa, kutupa miyendo, kapena kutentha thupi, zimenezo n'zothamangira nazo tsiku lomwelo. Pamaso pa adokotala musangonena kuti "mutu ndi m'mimba". Mzere ndi wautali, iwo ali ndi mphindi zochepa, ndipo adzakupatsani Panado. Nenani zonse: kuti simugona, kuti mumaopa kufa, kuti mwasiya kupita kwakutikwakuti. Akakuyezani bwino n'kupeza kuti thupi lili bwino, khulupirirani. Kuyendayenda m'zipatala ndi m'mafamase kuyezetsa BP tsiku ndi tsiku kumangokupatsani mtendere wa maola ochepa, mawa lake funso lija labweranso.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera zonsezi. Chimene chimalemaza munthu si mantha a mphindi 10 aja ayi, ndi zimene amayamba kuchita kuti asadzabwerenso. Anakugwirira m'tchalitchi, ndiye Lamulungu lotsatira ukhala pafupi ndi chitseko. Lotsatiralo uima panja. Kenaka ukuti upemphera pawailesi. Anakugwirira m'minibasi yodzadza, ndiye uyamba kuyenda wapansi. Msika waukulu wa m'tauni uli ndi anthu ambiri, ndiye utuma mng'ono wako. Nthawi iliyonse ukathawa mtima umakhala pansi, ndipo mpumulo umenewo ndi wokoma zedi. Komatu ndi katapila. Lero wakubwereka mtendere, mawa akudzatenga ndi chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho ndi tchalitchi, msika, sukulu, anzako, mpaka watsala ndi chipinda chimodzi ndi foni. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa: ukathawa, ubongo umaphunzira kuti wapulumuka chifukwa unathawa, kotero malowo ndi oopsadi. Suupatsa mpata woona kuti ukanakhala, palibe chikanachitika. Ine ndinafika pokana ntchito ya madiresi a ukwati chifukwa inkafuna kuti ndikwere galimoto kukayeza anthu ku Ekwendeni.

Njira yobwerera ndi yomweyo imene unathawira, ndipo palibe yachidule. Lembani malo ndi zinthu zonse zimene munasiya, muyambe ndi chopepuka. Ngati ndi tchalitchi, khalani benchi ya kumbuyo pafupi ndi chitseko, koma mukhale mpaka dalitso lomaliza. Mtima uthamanga, musayembekezere kuti sutero. Usiyeni uthamange, inu muli pomwepo, mpaka muumve ukutsika. Pamenepo ndi pamene ubongo ukuphunzira. Bwerezani mpaka benchi imeneyo itayamba kukutopetsani, kenaka sunthirani pakati. Ngati ndi galimoto, kwerani ulendo waufupi wa m'tauni momwemuno, mawa lake kweraninso, sabata ina pitani ku Luwinga, ina ku Ekwendeni, tsiku lina mudzapezeka ku Nkhata Bay mukugula nsomba. Musadikire tsiku limene mudzadzuke opanda mantha, silibwera. Ndipo chenjerani ndi timankhwala ta mumtima timene timabisala: botolo la madzi limene simungatuluke popanda ilo, mnzanu amene ayenera kukuperekezani kulikonse, kugwira pamkono kuwerenga kugunda kwa mtima. Poyambira n'zololedwa, koma pang'onopang'ono nazo muzisiye, apo ayi mudzati chakupulumutsani ndi botolo. Masiku ena mudzabwerera m'mbuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga mantha akakugwirani pagulu mutani? Musalimbane nawo. Khalani pansi ngati pali pokhala, mapazi aponde bwino dothi. Ikani dzanja pamimba, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Chofunika ndi kutulutsako, osati kukoka. Anthu ambiri akabanika amameza mpweya wambiri ndipo dzanzi limawonjezeka. Maso awone zinthu za kunja: werengani milu ya tomato pabenchi, werengani zolembedwa pakhoma la shopu, mvetserani kondakitala akuitanira kuti. Mumtima nenani zoona zokhazokha, kuti awa ndi mantha aja, ndinawaonapo, atha. Akatha musapite kunyumba kukagona. Malizani chimene munabwerera, ngakhale kungogula mchere.

Nkhawa ya usiku ili ndi mankhwala ake ena. Ine ndimagwiritsa ntchito masamba otsala a buku la maoda. Madzulo dzuwa lisanalowe ndimakhala kanthawi n'kulemba zonse zimene zikundidya, kenaka ndimazigawa pawiri: zimene ndingachitepo kanthu, ndi zimene sindingathe. Lendi yatsalira, chochita chilipo, mawa ndikaonana ndi alandilodi ndisanawadikire kuti abwere. Ngongole ya banki mkhonde, chochita chilipo, ndikapempha kuti ndibweze pang'onopang'ono. Mtengo wa dola, zoti mwina ndidzadwala chaka chamawa, zimenezo ndilibe nazo mphamvu, zimatsala m'bukumo. Ganizo likabwera pakati pa usiku ndimaliuza kuti nthawi yake ndi mawa madzulo. Zimamveka zachibwana, koma mutu umazolowera. Tulo tikakana, dzukani mukhale pampando mpaka maso alemere, bedi lisasanduke bwalo la milandu. Ndipo foni isagone nanu. Kufunsa intaneti tanthauzo la kupweteka kulikonse pakati pa usiku kudzakupezerani khansa ndi matenda a mtima nthawi zonse.

Za zimene mumamwa ndinenako mosabisa. Zakumwa zopatsa mphamvu zija zimene anyamata a kabaza ndi ana owerengera mayeso usiku wonse amadalira zili ndi caffeine wambiri, chimodzimodzi khofi amene mzinda wathu umatchuka naye. Caffeine amathamangitsa mtima ndi kunjenjemeretsa manja, ndipo kwa munthu wa nkhawa kugunda kumeneko n'kokwanira kuyambitsa zonse zija. Mowa umanyenga koposa. Madzulo umakhazika mtima pansi, m'bandakucha ukamatha m'thupi nkhawa imabwerera yoposa dzulo, ndipo munthu amafunanso botolo. Amuna ambiri amene mumawaona pakachasu m'mawa anayamba ndi kufuna tulo. Chamba ena amati chimachotsa maganizo, koma ndikudziwa anyamata angapo amene mantha awo oyamba anawagwira atangosuta. Kubetcha mpira pafoni nako ndikuike pomwepa: thupi limakhala tcheru mphindi 90, ndalama ya ndiwo ili pangozi, ndipo mawa mubwerezanso. M'malo mwake thupi lipatseni ntchito yeniyeni. Yendani mwachangu mpaka thukuta lituluke, menyani mpira kapena ntchembere mbaye, limani kadimba. Mtima ukazolowera kuthamanga pa zifukwa zabwino, kugunda kwake kumasiya kukuopsani.

Kunyumba mukaulula, mwina adzati tiyeni kwa asing'anga kapena kwa aneneri. Pano ndiyankhula mosamala, pakuti ndi makolo anu ndipo akukufunirani zabwino. Kuno kumpoto anthu akhala akuvinitsa vimbuza odwala maganizo kuyambira kale, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira gule ameneyu ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Ine sindimunyoza. Mudzi wonse kuchezera usiku chifukwa cha munthu mmodzi wovutika mumtima, kumuimbira, osamuseka, chimenecho n'chinthu chachikulu, ndipo ife a m'tauni tinachitaya osapeza cholowa m'malo. Pemphero nalo limandilimbitsa mpaka lero. Chimene ndimakana ndi kuloza chala. Munthu amene ubongo wake ukuona kale zoopsa paliponse, ukamuuza kuti akumulodza ndi azakhali ake kapena mnzake wa m'kalasi, wamupatsa mdani wokhala ndi dzina ndi nkhope. Tsopano aziopa chakudya, maloto, mphaka wodutsa pamwamba pa mpanda. Ndimakananso aliyense wokuuzani kuti mutaye mankhwala a kuchipatala posonyeza chikhulupiriro. Amene amanena zimenezo akathyoka mwendo amapita kukaikidwa chikhakha.

Inu a mu Mzuzu muli ndi mwayi umene anzanu a maboma ambiri alibe. Kwa zaka zambiri chipatala chodziwika cha matenda a maganizo m'dziko muno chinali cha ku Zomba, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kuno. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 abale a St John of God akhala akugwira ntchito imeneyi mumzinda muno. Ali ndi House of Hospitality kumene amagoneka odwala kwambiri, amathandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo ali ndi koleji yophunzitsa achipatala ndi alangizi a za maganizo. Ndikudziwa zimene mumanena, zoti kumeneko n'kwa amisala, ndipo mumaopa kuti wina akuonani pageti. Dziwani kuti wa nkhawa nthawi zambiri sagonekedwa. Amakambirana ndi mlangizi, amapatsidwa zoti akayese kunyumba ngati zimene ndafotokozazi, n'kubwerera kuntchito kwake tsiku lomwelo. Amene angakuoneni pageti nayenso wabwera ndi zake.

Ena amafunika mankhwala, ndipo si chamanyazi. Fluoxetine ndi amitriptyline ndi ena mwa amene achipatala amapereka. Sagwira ntchito ngati Panado: pamatha milungu ingapo munthu asanaone kusintha, ndipo masiku oyambirira ena amamva ngati zawonjezeka. Ambiri amasiyira pamenepo n'kumati mankhwala ake ndi achabe. Pitirizani, zikavuta bwererani mukafotokoze, ndipo mukachira musasiye mwadzidzidzi musanauzidwe. Diazepam, amene ambiri amati Valium, ndi nkhani ina. Amakhazika mtima pansi msanga, koma thupi limamuzolowera msanganso, ndipo kumuphatikiza ndi mowa kukhoza kuimitsa kupuma. Ndi wa masiku ochepa, polembedwa ndi adokotala. Wa m'thumba la wogulitsa pamsika kapena wopatsidwa ndi mnzanu musamwe.

Uzaniko munthu mmodzi. Sikuti alengeze pa Facebook ayi, mmodzi yekha wosunga pakamwa: amalume, mphunzitsi, mayi wa kumpingo, mnzanu wa pamtima. Ku Zimbabwe dokotala wa maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa zipatala za ku Harare n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo ndi kuwathandiza kusanthula mavuto awo limodzilimodzi. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti amene anakhala pabenchipo nkhawa ndi kukhumudwa kwawo zinachepa kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Agogo amenewo analibe madigiri, anali ndi makutu ndi maphunziro ochepa a kamvetseredwe. Anyamata inu makamaka, mawu oti mwamuna salira atiikitsa anzathu ambiri. Ndipo iwe amene mnzako wakuululira, usamuuze kuti "ingosiya kuganiza", akanatha akanasiya kalekale. Usamuseke pagulu, usamugwirire ntchito zonse zimene akuopa. Muperekeze ulendo woyamba, wachiwiri umusiyire panjira, wachitatu apite yekha.

Pali malire amene simuyenera kuyesa nokha njira zangazi. Nkhawa ikakhalitsa imakoka kukhumudwa, ndipo munthu amayamba kuona ngati kufa kungakhale kupuma. Ganizo limenelo likabwera, ngakhale kamodzi, ndi la kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo musakhale nokha usiku umenewo. Dzutsani wina m'nyumba, gogodani kwa aneba. Ana ndi achinyamata mungathenso kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana. Chimodzimodzi ngati nkhawa yanu inayamba mutagwiriridwa, mutamenyedwa kapena mutaona ngozi, ndipo zikukubwererani m'maloto: zimenezo zimafuna mlangizi wodziwa ntchito yake, osati kulimba mtima.

Otsalanu, musadikire Januwale kapena kutha kwa mayeso. Sabata ino tengani kabuku kanu mukayezedwe, mukanene zonse osasiyako. Kenaka sankhani malo amodzi amene munasiya kupitako, opepuka kuposa onse, mupiteko ndipo mukakhale mpaka mtima utsike wokha. Mukafuna wokuperekezani ulendo woyamba, pemphani lero lomwe.